Njovu ndi ya boma, nanga munda wodyedwawo ndi wa yani?

Mukapha njovu lero m'dziko lathu la Mozambique, khoti likhoza kukutsekerani m'ndende zaka 12 mpaka 16. Koma njovu yomweyo ikalowa m'munda mwanu usiku n'kumaliza chimanga cha chaka chonse, mumakanena kwa amfumu, amfumu amakanena kuboma, dzina lanu limalembedwa m'buku, ndipo kawirikawiri nkhani imathera pomwepo. Abale athu a ku Mecula, Mavago, Majune, Marrupa ndi Sanga amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Mbewu zikayamba kucha amagona m'misasa ya kumunda, usiku wonse akuimba zitini ndi kusonkha moto. Ife a muno mu Lichinga timangoimva pa wailesi. Komabe ambiri a ife tili ndi amalume kapena azakhali kumeneko, ndipo ufa ukawathera amadzagogoda pakhomo pathu.

Maganizo anga ndi awa, owerenga anzanga. Lamulo loteteza nyama zakutchire ndi lofunika, ndipo lisafooketsedwe. Koma likuyendera mwendo umodzi. Limadziwa kulanga munthu, silinaphunzire kumupepesa. Tiyeni tilitsatire kumene lachokera, tione pamene mwendo winawo unatsalira.

Wina asakunamizeni kuti malamulo a nyama anabwera ndi azungu. Makolo athu anali nawo, kungoti sanali olembedwa. M'madera ambiri, kuyambira kunyanja kuno mpaka ku Zambezi, mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagwera pansi unali wa mfumu mwini dziko. Wapamwambawo ndiwo unali wa mlenje. Uzimba sunkayambitsidwa ndi munthu wamba. Akuluakulu ndiwo ankanena tsiku ndi tchire loti lisakidwe, ndipo nyama inkagawidwa mwa dongosolo lodziwika. Msitu wa kumanda sunkadulidwa. N'chifukwa chake mpaka lero mukaona mitengo ikuluikulu itaunjikana pakati pa minda mumadziwa kuti pamenepo pagona anthu. Ku Chemambo, m'kati mwa malo osungira nyama a Niassa, Ayao amapita kukapempha kwa mizimu, ndipo anyani a pamalopo sathamangitsidwa, amapatsidwa chakudya.

Ndiye pali nsadzu, mbalame yolondolera munthu kumene kuli njuchi, imene Ayao amaitcha sego. Ofula uchi a ku Mecula amaiitana ndi mfuu yawoyawo imene anaphunzira kwa atate awo, ndipo akafula amaisiyira phula. Mu 2016 katswiri wa mbalame Claire Spottiswoode ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayenda ndi anthu amenewa. Munthu akamangochita phokoso wamba, amapeza njuchi pa maulendo 17 mwa 100. Akaitana ndi mfuu ya makolo ija, amazipeza pa maulendo 54 mwa 100. Anthu a maiko akutali anadabwa. A ku Mbamba sanadabwe.

Koma tisanamizanenso kuti kale zonse zinali bwino. M'zaka za m'ma 1800 mafumu a Ayao monga Mataka ndi Makanjila analemera ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Maulendo ankanyamuka ku Mwembe, kumene David Livingstone anafika mu 1866, kupita ku Kilwa ndi kumadoko ena a kunyanja ya mchere. Mfuti za gogodera zinkalowa, minyanga inkatuluka, ndipo ambiri mwa anthu oisenza sankabwereranso kwawo. Msika wakutali ukaifuna minyanga, mwambo wa pamudzi pawokha sukwanitsa kuteteza njovu. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso kutsogoloku.

Lamulo lolembedwa linayambira kutali kwambiri ndi kuno. Pa 19 Meyi 1900, mumzinda wa London, maiko a ku Ulaya amene anagawana Africa anasaina pangano loteteza nyama, mbalame ndi nsomba za ku Africa. Portugal anali momwemo, pamodzi ndi Britain, Germany, France, Italy, Spain ndi boma la Congo la mfumu Leopold. Panalibe mfumu ya Chiyao, ya Chinyanja kapena ya Chimakua. Panganolo linali ndi mfundo zina zabwino. Linaletsa kupha ana a njovu, ndipo linati mnyanga wosakwana makilogalamu 5 uzilandidwa. Koma taonani zinazi. Linati kusaka ndi maukonde ndi mbuna kuchepetsedwe, ndipo imeneyi inali njira ya munthu wa kumudzi. Linati wosaka aliyense azikhala ndi chiphaso, ndipo imeneyi inali njira ya munthu wa ndalama. Linalembanso maina a nyama zimene ankati n'zoononga, zoyenera kuchepetsedwa: mikango, anyalugwe, afisi, mimbulu, anyani, ng'ona ndi nsato. Mkango ndi mmbulu, zimene lero alendo amakwera ndege kudzaziona ku Lugenda, nthawi imeneyo zinali adani, chifukwa zinkadya ziweto ndi mphalapala zimene bwana ankafuna kuombera yekha.

Pangano la 1900 silinagwire ntchito mokwanira, chifukwa maiko ena sanakalivomereze kwawo, ndipo mu 1933 anasainanso lina ku London komweko. Komabe maganizo ake analowa m'malamulo a atsamunda. Kuno kwathu nthawi imeneyo kunkalamulira kampani, Companhia do Niassa, imene inagwira dera lonse la Niassa ndi Cabo Delgado mpaka 1929. Chidwi chake chinali pa msonkho wa nyumba ndi pa anthu a chibalo. Pang'onopang'ono munthu amene agogo ake ankasaka m'tchire lomwelo anapezeka akutchedwa wakuba. Iye sanasinthe kanthu. Chinasintha ndi pepala limene sankatha kuliwerenga.

Ku Gorongosa malo anapatulidwa mu 1920 kuti akuluakulu a Companhia de Moçambique ndi alendo awo azisakamo, ndipo mu 1960 anasandutsidwa paki. Malo osungira nyama a Niassa anakhazikitsidwa mu 1954. Lero amatchedwa Reserva Especial do Niassa, ndipo malire ake atawonjezeredwa, kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 42,000. Kumeneku n'kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko lonse la Malawi. Maboma a Mecula ndi Mavago ali m'kati mwake pafupifupi athunthu. Anthu pafupifupi 60,000 amakhala momwemo. Makolo awo sanalowemo mozemba. Malirewo ndiwo anawapeza.

Nkhondo ya ufulu itayamba mu 1964, tchire la Niassa linabisa asilikali omenyera ufulu, ndipo mu 1968 msonkhano waukulu wachiwiri wa Frelimo unachitikira ku Matchedje, m'boma la Sanga. Ufulu utabwera mu 1975, nthaka ndi zachilengedwe zinakhala za boma m'dzina la anthu onse. Malamulo aakulu a dziko amene tili nawo lero akunenabe zomwezo m'ndime 98 ndi 109. Cholinga chinali chabwino, kuti munthu mmodzi wachuma asagule nkhalango yonse. Koma kwa mlimi wa ku Mavago njovu inangosintha mwini wake wakutali. Kenako inabwera nkhondo ya zaka 16. Za imeneyo sindichulutsa mawu, ambiri a inu munaiona ndi maso. Ku Gorongosa nyama zikuluzikulu zoposa 90 mwa 100 zinatha. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, m'malo ambiri osungira nyama munalibe mlonda, munalibe galimoto, misewu itameranso tchire.

Apa ndi pamene maganizo anatembenuka. Boma linaona kuti silingaike mlonda pansi pa mtengo uliwonse. Ku Zimbabwe anali atayamba kale ndondomeko ya CAMPFIRE, yogawira midzi ndalama zochokera ku nyama za m'dera lawo. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 nzeru yomweyo inafika ku Bawa, m'boma la Mágoè ku Tete, ndi dzina loti Tchuma Tchato. Dzinalo simufuna womasulira: chuma chathu. Chakumapeto kwa zaka zomwezo kumpoto kwa Sanga kunayamba Chipanje Chetu, kutanthauza zomwezo m'Chiyao. Mu 1997 lamulo la nthaka, Lei 19/97, linavomereza kuti mudzi umene wakhala pamalo motsata mwambo uli ndi ufulu pamalopo ngakhale ulibe pepala, ndiponso kuti wofuna malo ayenera kuyamba wafunsa mudziwo. Mu 1999 linabwera lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire, Lei 10/99. Mu 2002 boma linalemba tsatanetsatane wake, ndipo mmenemo ndi mmene munachokera nambala imene mumaimva pamisonkhano: 20 pa 100.

Tiime pamenepa pang'ono, chifukwa ndi pamene pali ndalama zanu. Kampani ikadula matabwa, kapena mlendo akalipira kuti asake nyati kapena mphalapala, boma limalandira ndalama za ziphaso. Lamulo linati gawo la 20 pa 100 lizibwerera kumidzi ya m'dera limene chumacho chachokera. Ndiye kuti pa meticais 100 aliwonse, 20 ndi a mudzi. Pa 1,000,000, a mudzi ndi 200,000. Mu 2005 chikalata cha nduna, Diploma Ministerial 93/2005, chinafotokoza njira yake. Mudzi usankhe komiti ya anthu osachepera 10, amuna ndi akazi. Komitiyo ikalembetse kuboma, itsegule akaunti kubanki m'dzina la mudzi, ndipo ndalama zisatuluke popanda anthu atatu osaina. Komiti iyeneranso kuimirira pamaso pa anthu n'kufotokoza zimene yalandira ndi mmene yazigwiritsira ntchito.

Papepala n'zomveka bwino. Koma taganizani mudzi wa m'mbali mwa Rovuma. Banki ili kutali, ulendo wa tsiku lonse pamsewu woipa. Osainawo ayenera kukhala ndi ziphaso za unzika, ndipo si onse ali nazo. Chachikulu n'chakuti 20 pa 100 ilibe tanthauzo ngati simudziwa kuti 100 yakeyo ndi ndalama zingati. Akakubweretserani envulopu n'kunena kuti "nali gawo lanu", mumaomba m'manja. Kodi munaona pepala losonyeza nyama zingati zaphedwa chaka chino, ndi mtengo wa chiphaso chilichonse? Pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Pali midzi imene ndalamazi zamanga midadada ya sukulu, zakumba zitsime, zagula zigayo. Palinso midzi imene komiti yake ndi amfumu, mlamu wawo ndi mphwawo, ndipo amayi analembedwamo kuti nambala ikwane basi. Pamenepa lamulo silinalakwe. Tinangolisiya m'manja mwa anthu ochepa odziwa kuwerenga. Inu amene mukuphunzira kuwerenga manambala tsopano, ntchito yake ndi imeneyi. Safunsa adadya phula.

Tsopano tibwerere ku msika wakutali uja. Mu 1989 maiko a m'pangano la CITES, limene Mozambique inalowamo mu 1981, analetsa malonda a minyanga pakati pa maiko. Kwa kanthawi njovu zinapuma. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 mtengo wa minyanga unakweranso ku Asia, ndipo magulu a mfuti zazikulu analowa mu Niassa. Mu 2011 owerenga nyama ali m'ndege anapeza njovu pafupifupi 12,000 m'malo osungira nyama aja. Mu 2014 zinali zosakwana 4,500. Mu 2016 zinali pafupifupi 3,700. Werenganinso manambala amenewa pang'onopang'ono. M'zaka zisanu, pa njovu zitatu zilizonse ziwiri zinapita.

Nthawi imeneyo wopha njovu akagwidwa, chilango chake chachikulu chinali chindapusa. Mwini katundu ankalipira, munthu wake n'kubwerera kutchire. Mu 2014 nyumba ya malamulo inapereka lamulo losamalira zachilengedwe, Lei 16/2014, limene linabweretsa ndende ya zaka 8 mpaka 12. Mu Julayi 2015 boma linatentha minyanga yolemera matani oposa 2 ku Maputo. Mu 2017, Lei 5/2017 inakweza chilango kufika pa zaka 12 mpaka 16, ndipo inafikira osati woombera yekha, komanso wotuma, wopereka ndalama, wonyamula, wosunga, wogulitsa ndi wogula. Mu 2018 apolisi apadera anatumizidwa kukathandiza alonda, ndi helikopita yomwe. Kuyambira Meyi 2018 mpaka Meyi 2019 sipanapezeke njovu ngakhale imodzi yophedwa ndi ozembetsa minyanga mu Niassa. Sindinena kuti lamulo lokha ndilo linachita zimenezi. Dziko la China linatseka msika wake wa minyanga pa 31 Disembala 2017, ndipo zimenezi zinathandizanso. Koma chilango chowawacho chinali chofunika, ndipo ndikuchivomereza.

Alipo amene amati, "Zikanangotha zonse tikanapuma." Ndimawamvetsa, makamaka amene anaika m'manda m'bale wawo woponderezedwa ndi njovu kapena wogwidwa ndi ng'ona. Koma ndiwafunse: njovu zoposa 8,000 zinaphedwa zija, zinamanga chipatala chiti ku Mecula? Mnyamata wonyamula minyanga analandira kangachepe, ena anafera kutchire, ena ali m'ndende. Chuma chenicheni chinakwera sitima zapamadzi kupita kutali, monga m'masiku a Mataka. Njovu yamoyo imatha kubweretsa ndalama chaka ndi chaka, ndi ntchito za ulonda, za m'misasa ya alendo ndi za misewu. Alonda amene m'Chipwitikizi amatchedwa fiscais ambiri ndi ana a m'midzi yomweyo. Mu Epulo 2025 zigawenga zitaukira msasa wa Mariri, pakati pa ophedwa panali alonda oterewa. Si adani anu.

Inu a m'tauni muno musaganize kuti lamuloli ndi la a kutchire okha. Mnzanu akakupemphani kuti mumusungire kathumba m'nyumba, kapena mumunyamulire panjinga yamoto kupita kumalire, yang'anani m'katimo. Mukakhala mnyanga, mamba a ngaka, mano kapena zikhadabo za mkango, mlandu ndi wanu, ngakhale simunagwirepo mfuti chibadwire. Mawu oti "sindinadziwe" ndi ovuta kuwatsimikizira pamaso pa woweruza.

Nanga mwendo wotsala uja? Mu 2009 boma linavomereza ndondomeko yothana ndi mikangano ya anthu ndi nyama. Nyama ikavuta kwambiri, ovomerezedwa ndi boma amabwera kudzaithamangitsa kapena kuipha, ndipo nyamayo imagawidwa pamudzi. Koma ndiwo ya masiku awiri silowa m'malo mwa nkhokwe ya chaka. Gawo la 20 pa 100 nalonso si chipepeso. Limapita kwa mudzi wonse, kwa wodyeredwa munda ndi wosadyeredwa yemwe. Mayi wamasiye amene munda wake uli kumapeto, kufupi ndi tchire, ndiye amalipira mtengo wa njovu m'malo mwa dziko lonse, ndipo chigayo cha mudzi sichimuthandiza ngati alibe chokagayitsa.

Ine ndikuti ngati njovu ndi ya boma, boma lichite zimene mwini ng'ombe aliyense amachita ng'ombe yake ikadya m'munda mwa mnzake. Pabwalo la amfumu mlandu umenewu sutenga nthawi. Ena adzati ndalama kulibe, ndiponso anthu adzanama kuti minda yawo yadyedwa. Nkhawa zimenezi n'zoona. Koma maiko ena akuyesa. Ku Botswana boma limalipira mlimi amene njovu zamuonongera mbewu. Ku Kenya lamulo la 2013 linati banja la munthu wophedwa ndi nyama yakutchire lilandire mashilingi 5 miliyoni. Kumeneko malipiro amachedwa, ena amadikira zaka, choncho tisatengere zonse. Tikhoza kuyamba ndi zochepa: thumba lapadera m'boma lililonse, lodzazidwa ndi gawo la zindapusa ndi la ziphaso, loyamba ndi maliro ndi ovulala, kenako mbewu zobzala kwa amene munda wawo watheratu. Za kunama, munda subisika. Mlangizi wa zaulimi, mlonda ndi anthu awiri a komiti akhoza kukauona m'mawa mwake mapazi a njovu akadali pomwepo.

Kuteteza kumaposa kulipira, ndipo apa anthu a kuno sanakhale manja lende. Ku Mbamba anthu a m'mudzi, mogwirizana ndi a Niassa Carnivore Project, anakumba ndi manja ngalande ya makilomita pafupifupi 4 yotchinga njovu, ndipo okumbawo ankalipidwa. Kwina amapachika ming'oma ya njuchi kuzungulira munda, chifukwa njovu imaopa njuchi, ndipo mlimi amapezanso uchi. Ena amatentha tsabola wosakaniza ndi ndowe. Njira zimenezi sizigwira ntchito paliponse, ndipo ngalande ikapanda kukonzedwa mvula imaikwirira. Ndalama zokonzera ziyenera kukhala mu bajeti, osati kudikira chifundo cha alendo.

Asodzi a ku Metangula, Meluluca ndi Cobué asamve ngati nkhaniyi yawalambalala. Kuyambira 2011 mbali yathu ya nyanja ndi malo otetezedwa, ndipo funso lake ndi lomweli. Kuletsa munthu kukokera usipa ndi chambo chaching'ono ndi neti ya udzudzu n'koyenera. Koma m'miyezi yotseka, ana ake adya chiyani, ndipo ndani anakhala naye pansi posankha miyeziyo?

Lamulo la 2014 lili ndi khomo lina limene ambiri sanalione. Limalola kuti midzi ikhale ndi malo ake osungira zachilengedwe, oyendetsedwa ndi anthu eni ake, ndipo ikhoza kupangana yokha ndi kampani yofuna kugwira ntchito mmenemo. Kuchokera pa 1900, pamene panalibe ngakhale mfumu imodzi patebulo, ulendo wake ndi wautali. Koma pangano lotere limalembedwa m'Chipwitikizi, masamba ambirimbiri. Musalole kuti lisainidwe lisanawerengedwe mokweza pabwalo, ndime ndi ndime, m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chimakua, amayi ali pomwepo. Funsani kuti ndi la zaka zingati, mudzi uzilandira zingati, ndiponso mudzaloledwabe kukafula uchi, kukadula nsungwi ndi kukapembedza kumalo a makolo.

Ndipo njovu, njati kapena mvuu ikakudyerani munda chaka chino, musangonena pakamwa. Lembani, kapena mwana wanu akulembereni: tsiku, dzina la mudzi, mtundu wa mbewu, kukula kwa malo oonongekawo, ndi maina a mboni ziwiri. Lembani mapepala awiri ofanana. Limodzi mukapereke ku ofesi ya zachuma ndi ulimi ya boma lanu, ija imatchedwa SDAE, kapena kwa alonda a ANAC ngati mumakhala m'kati mwa malo osungira nyama. Linalo apondepo chidindo ndi tsiku, mubwerere nalo kunyumba. Komiti ya mudzi isonkhanitse mapepala onsewa pamodzi, ndipo phungu wa dera lanu akabwera kudzachititsa msonkhano, mumupatse m'manja aone kuti ndi angati.